Mthunzi Umene Unaphimba Mwezi



Usiku wa Lachisanu, pa 27 July 2018, ndinaitanidwa kunyumba ina ku Area 10 kuno ku Lilongwe, kumene magetsi sachita phwamwamwa monga ku City Centre. Anyamata ndi atsikana okonda kupenya nyenyezi anali ataimika pakapinga makina oonera kutali ndi makamera a miyendo itatu, kudikira kadamsana wa mwezi. Chisanu chake chinali choloŵa m'mafupa.

Itapitirira 8 koloko, mthunzi unayamba kudya mwezi cham'mbali. Pofika 9:30 mwezi wonse unali utamira mumthunziwo, ndipo unakhalamo ola limodzi ndi mphindi 43. M'zaka zonse za 2001 mpaka 2100 mulibe kadamsana wina wa mwezi wotalika chotere. Komatu mweziwo sunazime ai. Unafiira ngati njerwa yootcha, Mars akuŵala pambali pake.

Mlonda wa panyumbapo, bambo wachikulire wa ku Kawale, anakana kuyang'ana kumwamba. Masana ake anali atamva mlaliki wina pamsika wa ku Old Town akuopseza anthu kuti mwezi ukafiira ndiye kuti dziko latha. Anandinong'oneza nati, "Bambo mfumu, kodi ndifere pageti pa eni ake, ana anga ali kutali?" Ndinamva chisoni, ndiponso ndinapsa mtima. Kuopseza mmphaŵi m'dzina la Mulungu ndi tchimo. Eklezia saopa zakuthambo: Papa Leo XIII anakhazikitsa nyumba yopenyera nyenyezi ku Vatican mu 1891, ndipo ansembe akugwirabe ntchito imeneyi.

Mtsikana wina anamufotokozera modekha. Anati, "Agogo, mwezi sunadwale. Dziko lathu lino ndilo laima pakati pa dzuŵa ndi mwezi. Kufiirako ndi kuŵala kwa dzuŵa kumene kwakhota podutsa mumpweya wozinga dziko, monga kumafiirira m'bandakucha ndi pachisisira."

Mau ameneŵa anandikumbutsa Ambrozio Woyera, episkopi wa ku Milan, amene ankaphunzitsa kuti Eklezia ali ngati mwezi: alibe kuŵala kwakekwake, amangolandira kwa Khristu. Tsono Eklezia akada, tisafulumire kunena kuti Mulungu wazima. Mthunziwo kaŵirikaŵiri ndi wathu: umbombo wathu, miseche ya m'miphakati mwathu, ndi zokhumudwitsa za ife ansembe amene.

Koma chimene chinandigwira mtima koposa ndi kajambulidwe kao. Mwezi uli mbee, kujambula kunali kosavuta. Utada, mnyamata wina anatichenjeza kuti tisagwedeze kamera, pakuti diso lake liyenera kukhala chitsekukire nthaŵi yotalikirapo kuti lisonkhanitse kuŵala kochepako. Amene anagwedeza anangopeza chimbuuzi. Ndikuganiza za inu mai amene mwaika mwamuna wanu chaka chino, ndipo korona ikukulemerani m'manja. Ndi inu bambo amene ntchito inatha, ndipo mwaleka kupita ku Misa chifukwa cha manyazi. Musathamangire kwa oombeza kapena kwa alaliki a mantha. Khalani bata pamaso pa Mulungu, ngakhale pakamwa pasatuluke mau.

Itangokwana 11:13, m'mphepete mwa mwezi munayambanso kuyera. Mlonda uja anali atasuzumira kale m'makina aja kaŵiri. Pamene ndinkatsazika, ndinamumva akupempha mtsikanayo kuti amutsukire chithunzi chimodzi, akaonetse akunyumba kwake ku Kawale.