Paipi ya suweji si dzala

Abale ndi alongo anga, akuluampingo ndi atsogoleri a miphakati, mundikhululukire, pakuti nkhani yomwe ndabwera nayo lero si yokambira pa nsima. Tikambirana za chimbudzi ndi za kumene zimapita zinthu zomwe timatayamo. Ndaona ena mwazolika kale. Musachite manyazi. Ngakhale m'buku la Deuteronomo, mutu 23, muli lamulo louza Aisraeli kumene azikadzithandizira ndi m'mene azikwiririra akatha.

Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ananditumiza pa sukulu ina ya m'tauni yomwe inali ndi zimbudzi zamadzi. Teremu isanathe, zonse zinatsekeka, ndipo zonyansa zinayamba kutumphukira kuseri kwa kalasi ya Sitandade 2. Bambo amene anabwera kudzakonza anavuula zitsononkho, miyala, nsanza, mapepala a m'makope, ngakhale supuni. Tinawakalipira anawo, koma olakwa tinali ife aphunzitsi. Ambiri mwa iwo kwawo anali ndi zimbudzi zokumba, ndipo panalibe amene anawafotokozera kuti kunsi kwa chimbudzi chamadzi kulibe dzenje, kuli paipi yopapatiza yopita kwa anthu ena.

Tiyeni tiitsate paipi imeneyi. Ikachoka pa nyumba yanu imalumikizana ndi ya oyandikana nawo, kenaka ndi paipi yaikulu ya mzinda, yomwe timaitcha ya suweji. Zonse zimatsetsereka mpaka ku malo oyeretserako madzi oipa. Ku Lilongwe malo akulu otere ali ku Kauma, ndipo ku Blantyre ena ali ku Soche, ku Limbe ndi ku Chirimba. Kumeneko madzi amayamba adutsa pa sefa wa zitsulo amene amakola nsanza ndi mapulasitiki, kenaka mchenga ndi matope zimadikha pansi. Ntchito yaikulu yotsala amagwira si munthu kapena makina ayi, koma tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya zonyansazo, mothandizidwa ndi mpweya ndi dzuwa. Akatha apo madziwo amathiridwa mu mtsinje. A ku Kauma amalowa mu mtsinje wa Lilongwe, ndipo kumunsi kwake kuli mayi amene akuchapa, mwana amene akusambira, ndi mlimi amene akuthirira mpiru womwe mudzagule mawa pa msika.

Mukamvetsa ulendo umenewu, malamulo ake savuta kuwamva. Lamulo la zaumoyo lotchedwa Public Health Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, linaletsa kutaya mu paipi ya mzinda chilichonse chomwe chingaononge paipiyo, kutseka njira ya madzi, kapena kusokoneza ntchito yoyeretsa. Linatchulanso petulo, kabaidi uja amagwiritsa ntchito owotcherera zitsulo, zotsalira za mankhwala ndi madzi otentha kwambiri. Petulo ndi kabaidi zimatulutsa mpweya woyaka, ndipo mpweya umenewu ukadzaza mu paipi, ndudu imodzi yokha ikhoza kuphulitsa msewu. Kumbukiraninso kuti paipi ikatsekeka pali munthu amene amatsikira m'dzenjemo kukaitsegula. Nayenso ali ndi mkazi ndi ana.

Pa nyumba, chomwe chiyenera kulowa m'chimbudzi chamadzi ndi zotuluka m'thupi, madzi ndi pepala lofewa la kuchimbudzi, basi. Matewera otaya a ana, nsalu ndi zina zomwe amayi amagwiritsa ntchito pa mwezi, majumbo, zitsononkho, phulusa ndi mchenga wokwechera mapoto sizisungunuka. Koma chimene ambiri sitichiganizira ndi mafuta. Mwakazinga mandasi kapena tchipisi, mafuta otsala mwawathira mu sinki ali amadzimadzi, ndipo mukuti apita. Sanapite. Akazizira amaundana m'mbali mwa paipi, nakola tsitsi ndi nsanza, mpaka njira yonse itatsekeka. Zonyansa zikasowa kopita zimabwerera, ndipo kawirikawiri zimatulukira pa nyumba ya kumunsi, ya munthu amene sanalakwe kanthu. Mafuta otere aziziritseni, muwathire m'chitini, mukataye ku dzala.

Inu a magalaja, ndikukuonani kumbuyoko. Oilo wakuda wochoka mu injini amayandama pamwamba pa madzi n'kutseka mpweya, ndiye tizilombo togwira ntchito tija timafa. Asidi wa m'mabatire, penti ndi mankhwala ophera mbozi zimachitanso chimodzimodzi. Tizilomboto tikafa, madzi amatuluka m'malo oyeretsera aja ali oipa monga analowera. N'chifukwa chake mafakitale, malo ophera ng'ombe ndi nyumba zodyera amayenera kuyamba ayeretsa kapena kusefa madzi awo asanawathire mu paipi ya mzinda. Lamulo la za madzi la 2013 limafuna kuti aliyense wothira madzi oipa mu mtsinje akhale ndi chilolezo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti woononga ndiye alipire. Koma amene mwadutsapo pa mtsinje wa Mudi ku Blantyre m'chilimwe simusowa kuuzidwa ndi ine. Mphuno zanu zinakuuzani kale kuti kulemba lamulo ndi kulitsata ndi zinthu ziwiri.

Ena mukuti, "Akatekisiti, ife kwathu kulibe paipi, tili ndi chokumba." N'zoona, ambiri m'mizinda yathu tili choncho. Koma chimbudzi chanu chikadzaza, galimoto yopopa ija imakakhuthula kuti? Iyenera kukakhuthula ku malo oyeretsera omwe aja. Mabotolo, majumbo ndi matewera omwe munaponya m'dzenje amatseka paipi ya galimotoyo, ndipo wopopa amakweza mtengo kapena kukana kumene. Ndiye pamabwera anyamata a zidebe usiku, nakataya zonse m'khwawa. Mukamalemba ganyu munthu wopopa, mufunseni kumene akataye. Akayamba chibwibwi, funani wina.

Palinso madzi a mvula. Malo ake ndi ngalande, osati paipi ya suweji. Munthu akalozetsa madzi a padenga mu suweji, nthawi ya dzinja paipi imadzaza n'kusefukira m'misewu. Ndipo amene amaba zivundikiro zachitsulo za pa maenje a suweji kukagulitsa, amasiya khomo lotseguka kuti mchenga ndi zinyalala zilowe, kapenanso mwana agweremo.

Musaganize kuti ndikukuopsezani chabe. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anatsegula mipopi yawo n'kupeza kuti madzi akumwa asakanikirana ndi zonyansa za suweji. Amenewa ndi anthu a nyumba zabwino, olipira madzi mwezi ndi mwezi. Ndipo tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu March 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Kolera imayenda njira imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha wodwala kukalowa m'kamwa mwa wina. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa limenelo limadutsa kuseri kwa nyumba zathu.

Udindo suli pa ife tokha ayi. Amene amayendetsa mzinda ayenera kukonza mapaipi, kuyendera mafakitale ndi kulanga ophwanya lamulo, wolemera ndi wosauka yemwe. Lamulo la 2017 lija likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, choncho kufunsa si mwano. Mukaona dzenje la suweji likusefukira, musangoika njerwa zopondapo n'kumadutsa. Lembani kalata ku khonsolo monga mphakati, mulembepo tsiku ndi malo, musainire nonse, ndipo musunge kope lake. Pakatha sabata popanda yankho, tumani anthu awiri apite ndi kope lija kwa khansala wa dera lanu. Mlembi wa mphakati uliwonse atsalire pang'ono tikatha pano, kuti tilembe pamodzi malo onse amene mukudziwa kuti akutuluka zonyansa.