Thukuta lotsitsa shuga: phunziro la kwa Jenala

Funso linachokera kwa mayi wina wokazinga mandasi, mlangizi wa zaumoyo atangomaliza kulonjera amfumu. "Alangizi, ine sindikhala pansi tsiku lonse. Nanga kuchipatala akuti ndizichita masewera olimbitsa thupi, masewera ake atinso?" Anthu a m'mudzi wina wa kwa T/A Jenala ku Phalombe anafa nako kuseka, koma mlangiziyo anati n'zomwezo zamubweretsa.

"Mayi, kutanganidwa n'kwina, kuwefuka n'kwinanso," anatero. Kenako anawapatsa muyeso wosafuna makina. Ngati munthu akugwira ntchito n'kumatha kuyimba nyimbo ya kwaya, monga posesa kapena potong'ola chimanga, ntchitoyo ndi yopepuka. Ngati akuyankhula koma kuyimba kukukanika, monga poyenda ndawala kapena popalasa njinga, wafika pakatikati. Akamangotchula mawu awiri atatu n'kupumira, monga pogalauza kapena pa gule wa tchopa, imeneyo ndi yamphamvu.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yapakatikati, kapena 75 za yamphamvu. Ndiye kuti theka la ola, masiku asanu.

Apa mlangiziyo anachedwapo pofotokoza za shuga. Nsima ikagayika imasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini ndi amene amamulowetsa m'minofu. Munthu akanenepa, makamaka pamimba, minofu imayamba kugonthera insulini, shuga n'kumangozungulira m'magazi. Koma mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga wokha, ndipo ukatha umamvera insulini bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake odwala shuga amalangizidwa kuti asadumphitse masiku opitirira awiri otsatizana osalimbitsa thupi. Vuto la kumudzi lili pomwepa: dzinja lonse khasu silichoka m'manja, koma chimanga ndi nandolo zikalowa m'nyumba, abambo ambiri amathera chilimwe pa bawo, ulendo wa kumsika n'kukwera kabaza.

Nthenda ya shuga si ya m'tauni mokha. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP. Ku America, zotsatira za kafukufuku wa Diabetes Prevention Program za 2002 zinaonetsa kuti anthu onenepa amene shuga anali atayamba kukwera, atasintha kadyedwe ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, anachepetsa chiopsezo chodwala ndi 58 pa 100. Amene ankamwa mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 pa 100 yokha.

Mnyamata wina anafunsa ngati kuthamanga sikuposa kuyenda. Mlangiziyo anavomera kuti kumasunga nthawi komanso kumalimbitsa mtima msanga, koma anachenjeza kuti wa BP yokwera kapena womva kuwawa pachifuwa ayambe waonana ndi adokotala. Wobaya insulini kapena womwa glibenclamide asapite kumunda ndi njala, ndipo azinyamula switi m'thumba, poti shuga akatsikitsitsa munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, ngakhale kukomoka. Azivalanso nsapato ndi kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse, chifukwa munga umabaya phazi ladzanzi mwini wake osamva.

Mayi wa mandasi anauzidwa kuti ayambe ndi mphindi khumi za ndawala akatha kudya nsima yamasana, n'kumawonjezera sabata ndi sabata, ndipo pobwerera kuchipatala akayezetsenso shuga asanadye kanthu.