Wogogoda Pakhomo ndi Buku la Angongole



Mwa makalata amene afika kuno mwezi uno muli imodzi yocokera ku Mufulira, imene ndaiwerenga katatu. Mwini wace wapempha kuti ndisachule dzina lace, ndipo pempholo ndidzalisunga. Bamboyu anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri. Anakongola ndarama ku kampani ina yokongoza anthu a pa nchito, ndipo mwezi uli wonse kampaniyo inali kulandira gawo lace kucokera pa malipiro, iye asanazikhudze n'komwe. M'caka ca 2015, pamene mtengo wa mkuwa unagwa ndipo migodi inacotsa anthu zikwi, iyenso nchito inamthera. Anamuuza kuti zotsala za ngongole zadulidwa pa ndarama zace zotsiriza, napita kunyumba mtima uli m'malo.

Caka cino, atapeza nchito yina, anapita ku banki kuti akongole za malata ofolera nyumba. Kalaliki anayang'ana pa kompyuta nati, "Pepani bambo, dzina lanu liri m'buku." Pasanapite nthawi kunafika anyamata awiri obvala bwino, nati atumidwa kudzatenga K9,000, ndipo ngati salipira adzanyamula mipando ndi kuitana apolisi. Munthu wacitatu, amene anakomana naye pa msika, akuti angathe kufafaniza dzinalo m'buku ngati ampatsa K1,500. Funso la mnzathuyu liri lalifupi: "Kodi ndiope yani, ndipo ndilipire yani?"

Ndiyambe ndi anyamata ogogoda pakhomo, pakuti ndiwo acititsa manyazi pamaso pa ana ndi anansi. Munthu wotumidwa kukalonjerera ngongole ali ndi ufulu wa kukufunsani ndarama, pakamwa kapena pa kalata. Mphamvu yace ithera pomwepo. Iye sali khoti, sali wapolisi. Katundu wa m'nyumba mwanu sanganyamule ndi mau ace okha ai. Amene anganyamule katundu cifukwa ca ngongole ndiwo anthu a ofesi ya Sheriff, amene m'tauni tiwacha mabelifu, ndipo iwonso abwera mlandu utaweruzidwa kale, ali ndi pepala la cidindo ca khoti m'manja. Cinthu cimene inu eni munacipereka kukhala cikole ndi nkhani yina. Za ico muwerenge pangano limene munasaina. Kunena za apolisi, ngongole ya munthu amene analephera kubweza siiri mlandu wa kupolisi, pokhapo ngati anatenga ndaramazo mwacinyengo.

Tsono akafika, musawatukwane, musathawirenso kuseri kwa nyumba kusiya mkazi wanu ayankhe yekha. Afunseni mwaulemu: Mwatumidwa ndi yani? Iri kuti kalata yokutumani? Ndinakongola zingati, ndinabweza zingati, ndipo K9,000 imeneyi yacokera pati? Pemphani kuti zonse zilembedwe. Wotumidwa woona sabvutika ndi mafunso otere. Amene ayamba kupfuula mukamfunsa pepala, mumdziwe. Ndipo ngati mwatsimikiza kulipira, lipirani ku ofesi ya mwini ngongole kapena ku akaunti yace, nimulandire lisiti. Ndarama yoperekedwa pakhomo popanda lisiti kawiri kawiri sifika kumene inatumizidwa.

Pepala limodzi lokha ndilo ndifuna kuti muliope, ndilo samani ya khoti. Ambiri a ife tikailandira tiibisa pansi pa mphasa, tiyesa kuti mlandu udzaiwalika. Khoti likaona kuti simunayankhe liweruza inu palibe, ndipo ndi pamenepo mabelifu apeza njira ya kunyumba kwanu. Koma munthu amene apita, nafotokoza malipiro ace ndi ana amene adyetsa, angapemphe kuti alipire pang'ono pang'ono, ndipo khoti liri nayo mphamvu ya kulola. Ciweruzo cikaperekedwa cisungeni, pakuti amene ali nazo ndarama koma akana dala kumvera khoti angathe kutsekeredwa. Wosowa za loya apite ku Legal Aid Board.

Makolo athu anati mlandu suola. Kumudzi mauwa ali oona ndithu, ndipo mdzukulu alipira mbuzi imene anakongola agogo ace. Lamulo la m'makhoti athu liri losiyana pang'ono. Pa ngongole wamba ya pangano, mwini ndarama ali nazo zaka 6 zakuti akasume; zikapitirira, wokongola angauze khoti kuti nthawi inatha. Ngongole ya cikole ca nyumba, ndi imene khoti linaweruza kale, ziri ndi nthawi yotalikirapo. Koma pali msampha umene bambo wa ku Mufulira ayenera kuudziwa. Mukalipirako ngakhale K50, kapena mukasaina pepala lobvomera kuti ngongoleyo ndi yanu, zaka zija ziyamba kuwerengedwanso kucokera tsiku limenelo. Ncifukwa cace anyamata ocenjera anena mokoma, "Tipatseni kangacepe cabe ka basi, nimusaine apa." Sindinena izi kuti ndiphunzitse anthu kudya za eni ace, amene adziwa mumtima kuti sanabweze, abweze. Ndinenera munthu amene akhulupirira kuti analipira kale, kuti asadzimange yekha ndi colembera asanaone mawerengero.

Tsopano tibwere ku buku lija, limene siligogoda, silipfuula, koma latseka citseko ca banki. M'caka ca 2006 Bank of Zambia inapereka cilolezo kwa kampani yochedwa Credit Reference Bureau Africa, imene lero idziwika ndi dzina la TransUnion, kuti isunge mbiri ya okongola. M'caka ca 2018 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la nchito imeneyi, lochedwa Credit Reporting Act. Mabanki ndi makampani okongoza atumiza kumeneko dzina la wokongola, nambala ya citupa cace ca NRC, zimene anatenga ndi mabwezedwe ace. Ngakhale tingongole tating'ono ta pa lamya ya m'manja tingathe kulembedwamo. Anthu alicha buku la oipa, koma kunena zoona mulembedwa onse, obweza bwino ndi obweza moipa, ndipo amene abweza pa nthawi yace bukuli limcitira umboni.

Cofunika kumvetsa ndi ici: osunga bukuli sakongoza munthu, saweruzanso mlandu. Iwo ali ngati kalaliki wolemba zimene wauzidwa. Cifukwa cace, dzina likalembedwa molakwa, kawiri kawiri colakwaco cinayambira ku ofesi ya amene anakukongozani, ndipo kumeneko ndiko cingakonzedwe msanga.

Lamulo la 2018 lipatsa munthu ali yense ufulu wa kuona zimene zinalembedwa za iye, ndiponso wa kutsutsa zimene ziri zonama. Cotero coyamba mnzathu atenge citupa cace napemphe lipoti lace, kuti aone ndi maso ace yemwe anamlembetsa, ndarama zace, ndi tsiku lace. Nthawi zina munthu apeza kuti ngongoleyo siiri yace konse: ndi ya wina wofanana naye dzina, kapena ya mbale amene iye anamuimira zaka zapitazo naiwala. Pambuyo pace alembe makalata awiri, yina kwa kampani yomkongoza, yina kwa osunga buku, nanene momveka cimene ciri colakwa. Aphatikizepo makope a mapepala ace, koma eni ace a mapepalawo asacoke m'nyumba. Popereka kalata apemphe cidindo ndi tsiku pa kope lace. Osunga buku ayenera kufufuza dandaulo lotere, ndipo cikapezeka conama ayenera kucikonza. Akakhala cete, kapena kampani ikakana kuyankha, dandaulo lipite ku Bank of Zambia, imene iri ndi maofesi ku Lusaka ndi ku Ndola.

Pa mlandu wa bamboyu pepala loposa onse ndilo lija anampatsa tsiku lotsiriza, loonetsa zimene zinadulidwa pa ndarama zace. Pano ndiyenera kunena cinthu cowawa. Zicitika kuti olemba nchito adula ndarama pa malipiro koma acedwa kuzitumiza, kapena sazitumiza konse. Zikatero wokongoza sanama ponena kuti sanalandire, ndipo wanchito sanama ponena kuti analipira. Pamenepo mlandu uli kwa amene anadula, ndipo munthu asauyende yekha: atenge pepalalo apite nalo kwa akulu a cigwirizano ca anchito a m'migodi ndi ku ofesi ya Labour, kuti amene anagwira ndaramazo aonetse kumene zinapita. Ine ndidabwa ndi ife anthu a m'tauni. Cithunzi ca ukwati ticisunga m'galasi zaka makumi atatu, koma pepala la malipiro tikulungira fodya tsiku lomwelo.

Nanga munthu wa pa msika uja, wa K1,500? Ngati zolembedwazo ziri zonama, mnzathu ali nayo njira ya lamulo yozikonzera, ndipo safuna mkhalapakati. Ngati ziri zoona, palibe munthu wa pa msika amene angazifafanize, pakuti wokongoza apitiriza kutumiza mbiri yomweyo. Amene alipiradi ngongole yace apemphe kalata yonena kuti yatha, naonetsetse kuti m'buku mwalembedwa kuti inalipidwa. Mbiri ya kucedwa siicoka tsiku lomwelo; ikhalamo kufikira nthawi yoikidwa ndi lamulo itakwana. Koma woyang'anira banki aona kusiyana pakati pa munthu amene anacedwa nabweza ndi munthu amene anathawa.

Cimene ndiopera mnzathuyu koposa ndi cakuti, banki itamkana, angatembenukire kwa a kaloba kuti atontholetse anyamata aja. Wa kaloba alibe buku ku Lusaka. Buku lace ndilo khadi lanu la ku banki ndi citupa canu, zimene asunga m'thumba mwace, ndipo pa tsiku la malipiro ndiye ayamba kufika pa makina. Mukatenga K1,000 kuti mubweze K1,500 pakutha pa mwezi, mwalipira K500 ya ciongola dzanja. Lamulo la okongoza ndarama, Money Lenders Act, liyesa ciongola dzanja coposa 48 pa 100 pa caka kukhala copitirira muyeso, ndipo khoti lingathe kucicepetsa. Werengani nokha: 48 pa caka ndiyo 4 pa mwezi, kapena K40 pa K1,000 ija. Wa kaloba watenga zoposa pamenepo kakhumi ndi kawiri, ndipo mwezi wa mawa mudzabweranso kwa iye cifukwa ufa watha.

Kwa inu bambo a ku Mufulira, yankho langa ndi ili. Anyamata aja akabweranso, auzeni kuti mwalembera amene anawatuma ndipo muli kudikira mawerengero. Musasaine kanthu, musapereke kanthu. Wa pa msika mumpatse moni cabe. Usiku uno tsegulani bokosi limene musungamo makalata, mufune pepala lija la 2015. Ngati linatayika, ofesi ya malipiro ya kumene munagwira nchito ndiyo yoyamba kukapemphako kope lace. Mukalandira yankho mundilemberenso, kuti ndidzauze omvera anzathu m'mene zinathera.