Mwana Akafuna Ntchito ya Investment Banking, Apite Sukulu Iti?



Komiti idandipempha kuti ndiyankhe funso limene makolo angapo akhala akufunsa: mwana akuti akufuna ntchito ya investment banking, nanga apite sukulu iti? Ine ntchito yanga ndi ya m'boma ku Capital Hill, si ya kubanki ai. Koma mapepala a ngongole za boma amadutsa m'manja mwathu, ndipo anthu a ntchito imeneyi timakhala nawo patebulo limodzi kawirikawiri.

Poyamba timvane za ntchitoyo, pakuti ambiri amaisokoneza ndi ya uja amatiwerengera ndalama pawindo mu Old Town. Munthu wa investment banking sasunga ndalama za inu ndi ine. Iye amathandiza kampani kapena boma kupeza ndalama zochuluka pogulitsa masheya kapena pokongola kwa anthu ambiri nthawi imodzi, ndiponso amalangiza kampani ikafuna kugula inzake. Pamene Airtel Malawi idagulitsa magawo 20 pa 100 alionse a kampaniyo mu 2020, pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi, padali anthu amene adakhala miyezi akuwerengetsera kuti mtengo ukhale umenewo. Pamene National Bank idagula Indebank mu 2015, FDH n'kugula Malawi Savings Bank chaka chomwecho, padalinso alangizi mbali zonse ziwiri. Ntchito yake ndi imeneyo: masamu, malamulo, kulemba, ndi kugona mochedwa.

Tsono makolo anzanga, tiuzane zoona. Munda wake kuno kwathu ngwaung'ono. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange udayamba malonda mu 1996, NICO ndiyo idali yoyamba kulembetsa, ndipo kufikira lero makampani ake sadakwane 20. Pali zaka zina zimene zimatha popanda kampani yatsopano ndi imodzi yomwe. Chomwecho achinyamata ambiri amene amalota ntchitoyi amakathera ku nthambi ya treasury m'mabanki, kwa ogulitsa masheya monga Stockbrokers Malawi, ku CDH Investment Bank, kapena kwa osamalira ndalama za penshoni monga a NICO ndi Old Mutual. Kumeneku ndiye kuli moyo. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, olemba ntchito amapereka 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100 ya malipiro mwezi ndi mwezi, kotero ndalamazo zimaunjikana, ndipo pafunika anthu odziwa kozikaika.

Chinanso, ife a ku Lilongwe timadzinyenga poona nyumba ya Reserve Bank ku City Centre, n'kumaganiza kuti ndalama zonse zili kuno. Boma lidasamukira kuno mu 1975, koma malikulu a mabanki ambiri ndi msika wa masheya zili ku Blantyre. Mwana wokulira ku Area 10 kapena ku Area 43 amene safuna kuchoka pakhomo pa mayi ake aganizire bwino.

Za sukuluzo, ndiyamba ndi Polytechnic, imene kuyambira 2021 ikutchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Digiri zake za accountancy ndi business administration zadzaza mabanki a dziko lino kwa zaka zambiri. Ubwino wake waukulu suli m'kalasi mokha. Sukuluyo ili pa Chichiri, ulendo wa minibasi imodzi kukafika pa Victoria Avenue, ndipo amene amalemba anthu ntchito m'mabanki ambiri adadutsa pompo. Wophunzira wochangamuka angathe kupeza malo oyeserera ntchito patchuthi. Mwa digiri ziwirizo, ine ndingamuuze mwana wanga kuti atenge accountancy. Munthu wodziwa kuwerenga mabuku a kampani angaphunzire malonda pambuyo pake, koma wongodziwa mawu okoma a utsogoleri amavutika akampatsa mabuku aja kuti anene ngati kampaniyo ili ndi phindu.

Ku Zomba, ku Chancellor College kumene ndidaphunzira ine, komwe tsopano ndiko kwatsala ndi dzina la University of Malawi, kuli economics. Mundikhululukire ngati ndikukokera kwathu, koma m'dziko limene boma ndilo wokongola wamkulu, munthu womvetsa chiwongoladzanja, kukwera kwa mitengo ndi mphamvu ya kwacha ali ndi chida chakuthwa. Kwacha idagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Amene adaziwona zikubwera adapulumutsa ndalama za anthu awo. Digiri imeneyi imatsegulanso khomo la ku Reserve Bank ndi ku Treasury, kumene ambiri amaphunzirira ntchito asanadumphire ku mabanki. Koma wa economics adzafunika kuwonjezera maphunziro a mabuku a ndalama payekha.

Musaiwale Bunda, imene tsopano ili pansi pa LUANAR. Ngongole zazikulu za dziko lino zimazungulira pa fodya, shuga, tiyi ndi feteleza, ndipo wa agricultural economics amazidziwa zimenezi kuposa anzake onse.

Kunena za makoleji amene si a boma, achuluka ndithu, ena abwino, ena ongobwereka zipinda pamwamba pa sitolo. Mnzanga wina wa ku ofesi adalipira zaka zinayi, mpaka kugulitsa puloti, mwana wake n'kudzauzidwa pofunsira ntchito kuti digiriyo siidziwika. Safunsa adadya phula. Bungwe la National Council for Higher Education lili konkuno ku Lilongwe, ndipo limatulutsa mndandanda. Musangofunsa ngati kolejiyo idalembetsedwa. Funsani ngati maphunziro enieniwo amene mwana akufuna adavomerezedwa, chifukwa zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ena mwa inu mukuganiza za kunja. N'zoona kuti mabanki akuluakulu a ku Sandton mu Johannesburg amakonda kutola ana a ku Cape Town, Wits ndi Stellenbosch, ndipo a ku London amayang'ana sukulu zowerengeka monga London School of Economics. Kumeneko dzina la sukulu limalemera kuposa kuno. Koma fizi yake ndi ya ma rand ndi ma paundi pamene malipiro anu ndi a makwacha, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza m'mabanki. Akamalizanso, mwanayo adzafunika chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Kutumiza mwana ku sukulu yosadziwika ya kunja chifukwa choti anzanu a mu Area 12 atumiza wao, kumeneko ndiye kutaya ndalama. Bwino atenge digiri yoyamba kuno, akhoze bwino kwambiri, agwire ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka afunsire thandizo la Chevening kapena Commonwealth kukachita digiri yachiwiri.

Digiri yokha siikwanira. M'ntchito imeneyi amafunsa za ACCA kapena ICAM, zimene mwana angaphunzire ku Malawi College of Accountancy, ndiponso za CFA, mayeso a magawo atatu olipira m'madola amene amagwetsa anthu ambiri anzeru. Makolo muyike ndalama zimenezi m'mawerengero anu kuyambira tsopano.

Kwa inu a Fomu 4, makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi angokufikitsani pakhomo. Malo a accountancy ndi economics amapita kwa a mapointi ochepa, ndipo masamu ndiwo amayang'anidwa koyamba. Ngati sukulu ikuphunzitsa Additional Mathematics, musaithawe. Ndabwera ndi malipoti apachaka a makampani atatu a pa msika wa masheya. Ndiwasiya kwa a Mlembi. Aliyense amene akuti akufuna ntchitoyi abwereke limodzi, aliwerenge mpaka kumapeto, ndipo pa msonkhano wathu wotsatira adzandiuze kuti kampaniyo ili ndi ngongole zingati.