Ndalama zing'onozing'ono zikasanduka zachitsulo

Mawu a mmodzi wa asungichuma athu pa tsiku la chikondwerero

 Ena mumati banki m'khonde, ena chilimba, ena xitique, ena mukando, a kum'mwera mumati stokvel, koma tonse tili ndi bokosi, ndipo zimene zimalowa m'bokosimo sabata ndi sabata ndi ndalama zing'onozing'ono. Ndapemphedwa kuti ndikambe za zimenezi.

Pa 31 March 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano. Maso a anthu ambiri anali pa K200 ndi K500, mapepala akuluakulu amene kunalibe. Koma chimene chinakhudza ife ogulitsa pamsika chinali kumunsi. K2 ndi K5, zomwe zinali zapepala kuyambira 2013, zinabwera zili zachitsulo, moti pa ndalama zatsopanozi pepala laling'ono kwambiri ndi K10. Si koyamba m'dera lathu lino. Ku South Africa R5 inasanduka yachitsulo mu 1994. Ku Malawi akuluakulufe tikukumbukira K5 ndi K10 zapepala, koma pa ndalama zimene zinatuluka mu 2012 pepala loyambira linali K20. Lero K20 yomweyo sigula ngakhale bokosi la machesi, ndiye musadzadabwe tsiku lina mukadzamva kuti nayonso yapuma.

Mabanki aakulu ali ndi chifukwa chawo, ndipo ndi chomveka. Pepala laling'ono ndi limene limayenda kwambiri. M'mawa lili kwa kondakitala, masana lili kwa mayi wa usipa, madzulo lamangidwa pamfundo ya chitenje, mawa lake lachapidwa pamodzi ndi malaya a sukulu. Silichedwa kung'ambika, ndipo kusindikiza lina kumadya ndalama zakunja. Chachitsulo chimakhala zaka makumi. Pamenepo sindikutsutsana nawo. Vuto lili m'manja mwathu, momwe timaonera chitsulo.

Amayi a ku Malawi, tivomereze, tinazolowera kuona ndalama yachitsulo ngati ya ana. K10 ikagwa pansi palibe amene amawerama. M'sitolo akakupatsani makobidi mumawasiya pakauntala, ndipo wogulitsa tomato mukam'patsa amakuyang'anani ngati mwamunyoza. Chizolowezi chimenechi tikawoloka nacho pa Mwami chimatidyera phindu, chifukwa kachitsulo ka K5 ya ku Zambia kamaposa K200 yathu ija ili ndi nkhope ya mayi Rose Chibambo. R5 nayonso imaiposa. Mayi amene sangalole kuti K200 iuluke ndi mphepo amatha kusiya timakobidi tisanu ta K5 pansi pa chikwama, kapena kupatsa mwana kuti azisewera nato, osadziwa kuti wataya ndalama yoposa K1,000.

Ndipo pamalire pali msampha wina umene ife oyenda maulendo tikuudziwa bwino. Osintha ndalama, kaya ndi a m'maofesi kaya ndi anyamata oima ndi mitolo pa Mchinji, pa Dedza, pa Mwanza kapena pa Nyamapanda, nthawi zambiri salandira zachitsulo. Pepala la K5 linkatha kulowa pakati pa anzake n'kusinthidwa. Chitsulo cha K5 chimabwerera m'chikwama. Ndiye ndalama iliyonse imene yachoka papepala n'kupita kuchitsulo ndi ndalama imene singawoloke nanu, pokhapokha ngati mudzabwererenso kudziko lake. Amene mumapita ku Chipata mwezi ndi mwezi palibe chodandaula, muzisunga m'kathumba kakekake, zidzakulipirirani takisi ulendo wotsatira. Koma amene mumapita kawiri pachaka, zitheni musanadinditse pasipoti. Gulani mchere, sopo, madzi a panjira.

Tsopano nkhani ya chenji, pamene pagona phindu lathu. Tiyerekeze mayi wa ku Chipata akugulitsa chitumbuwa pa K3. Wogula wapereka K10. Pakufunika K5 ndi K2. Ngati makobidiwo akuyenda bwino m'manja mwa anthu, malonda atheka. Ngati agona m'zitini kunyumba, mayi uja ali ndi njira ziwiri zokha: kunena kuti zitatu K10, kapena kuona kasitomala akupita kwa mnzake. Umu ndi momwe mitengo imakwerera popanda amene waikweza. Aliyense amangokankhira mtengo pa ndalama imene ikupezeka, ndipo sindinaonepo mtengo ukukankhidwira pansi. Wa sitolo yaikulu sizimupweteka. Zimapweteka wogula kamulu kamodzi, kabotolo kamodzi ka mafuta oyeza, amene ndi ife tomwe tikakhala mbali inayo ya tebulo.

Anzathu a ku Zimbabwe akhoza kutiphunzitsa zambiri pamenepa. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009, mapepala analipo koma masenti kunalibe. Chenji chinasanduka maswiti, mabolopeni ndi timapepala ta ngongole ya m'sitolo, ndipo m'makombi anthu ankabwezerana ndi makobidi a randi. Ma bond coin anabwera mu December 2014 kudzathetsa vuto limeneli. Maswiti sangalowe m'bokosi la gulu, amayi.

Pang'ono ndipatuke. Kodi perekaniperekani wa paukwati adzakhala bwanji? Tonse timadziwa kuti munthu amasintha pepala limodzi lalikulu kuti apeze ang'onoang'ono ambiri, avine nthawi yaitali, aoneke. Makobidi sungaponyere mkwatibwi, ungamuchotse diso. Ndipo kutchalitchi chitsulo chimalira m'mbale, aliyense amamva. Mukuseka, koma zimenezi zidzachititsa kuti tizipereka pepala lotsatira, lokwererapo, ndipo pakutha pa mwezi zidzaoneka m'thumba.

Ena anena kuti yankho ndi foni, ndipo pang'ono akunena zoona. Airtel Money, Mpamba, MoMo, EcoCash ndi M-Pesa sizisowa chenji, mukhoza kulipira ndalama yeniyeni ya katundu. Koma kutumiza ndi kutapa kuli ndi mtengo wake, ndipo pa malonda a kamulu kamodzi mtengo umenewo umatha kumeza phindu lonse. Kumudzi netiweki ikathawa, kapena ejenti akati alibe ndalama, mubwereranso ku chitenje.

Za m'magulu athu, pempho langa kwa inu apampando ndi ili. Magulu ena ayamba kukana makobidi pa masheya, ati amalemetsa bokosi ndipo amachedwetsa kuwerenga. Ine ndikuti tisawakane. Mayi amene wabwera ndi makobidi ndi amene wagulitsa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo gululi tinalipangira iyeyo. Owerenga ndalama aziika m'milu ya khumikhumi pamaso pa onse, sizitenga nthawi. Komanso makobidi a m'bokosi asamagone mpaka tsiku logawana. Mamembala amene ali ndi malo pamsika amasowa chenji m'mawa uliwonse, ndiye pamsonkhano womwewo azisiya pepala n'kutenga makobidi, mlembi alembe. Bokosi lipepuka, iwo apeza chenji.

Chotsala ndi chindapusa cha ochedwa ndi chopereka cha thumba la zadzidzidzi. M'magulu ambiri tinaziika pa pepala laling'ono kwambiri la nthawi imeneyo. Pepalalo likachoka, ena afuna kuti tingokwezera pa pepala lotsatira poti ndi losavuta kutolera. Ku Zambia kumeneko ndi kuchoka pa K5 kufika pa K10, kuwirikiza kawiri. Ngati gulu likufuna kukweza, likambirane ndi kuvota monga malamulo athu anenera, ndipo zilembedwe m'buku. Ndapempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba tikagawana m'magulu chakudya chikatha.