KUKAONA NYALUGWE KU LUANGWA

Munthu wa ku Nyimba kapena wa ku Petauke akamva dzina lakuti Nyalugwe, mtima wace uyamba wathamangira kwa mfumu ya Ansenga imene dziko lace lagona m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Pambuyo pace ndipo akumbukira cirombo cija ca mawanga cimene cimagwira mbuzi usiku. Ana a sukulu ali ndi nyalugwe wacitatu, wa m'mabuku, wamkuru ndi wa mizeremizere, amene Azungu amati tiger. Ameneyo kwao ndi ku India ndi ku maiko ena a ku Asia. M'thengo la mu Afrika mulibe ngakhale mmodzi. Boma la India litaona kuti alikutha, linayamba kumpatulira nkhalango zace m'caka ca 1973, ndipo anthu amalipira ndalama kuti akamuone. Koma nyalugwe wa mawanga safuna ulendo wa pa nyanja. Ali m'cigwa ca Luangwa momwemo, ndipo ndiye amene wachukitsa cigwaco ku Ulaya ndi ku Amerika.

Malamulo a nyama m'cigwamo sali amodzi. Mbali ya dziko la Mfumu Nyalugwe ndi la Mfumu Luembe iri m'dera lochedwa West Petauke Game Management Area. M'dera lotere anthu amamanga midzi ndi kulima, ndipo nyama aipha yekhayo amene ali ndi kalata ya Boma. Koma munthu akatsata mtsinje womwewo kumka kumpoto afika ku nkhalango ya South Luangwa, kumene kulibe mudzi, kulibe munda, ndipo mlenje saloledwa konse. Malowa anapatulidwa m'caka ca 1938, nasanduka National Park m'caka ca 1972, ndipo ukulu wace ndi masikweya kilomita 9,050. Mpanda palibe. Njobvu siidziwa pamene pathera nkhalango ya Boma ndi poyambira dziko la mfumu.

Codabwitsa ndi ici. Mlendo amaoloka nyanja kudzaona nyama zimenezi, koma machona ambiri a ku Kitwe, ku Luanshya, ku Mufulira ndi ku Lusaka, amene mcombo wao unagwera m'mphepete mwa Luangwa, sanalowepo pa cipata ca nkhalangoyo. Akafunsidwa amati nyama anaziona kale. Anaziona, inde. Anaona njobvu usiku, iwo ali pa nsanja ndi muuni, alikuomba citini kuti icoke m'cimanga. Anaona njati irikuthawa moto, anaona mbawala iri m'mbale. Koma nyama yosaopa munthu, yoyamwitsa mwana wace poyera dzuwa liri pamutu, imeneyo sanaione. Ndipo pa cipata paja nzika ya Zambia imalipira ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja.

Wocokera ku migodi atsike ku Lusaka, agwire mseu waukuru wa kum'mawa, aoloke Luangwa pa ulalo wa m'caka ca 1968, apyole Kacholola, Nyimba wa nthoci uja, mphambano ya Petauke ndi Katete kufikira ku Chipata. Pamenepo apatukire ku mseu wa tara wa ku Mfuwe, makilomita ngati 130. Iripo njira yakale yocokera ku Petauke kudzera kwa Sandwe, koma ndi ya cilimwe cokha, ndipo ifuna galimoto lolimba. Nyengo yabwino ndiyo kuyambira June kufikira October. Pa dzinja mtsinje usefukira, udzu utalika, nyama zibalalika, ndipo miseu yambiri isanduka matope okhaokha.

Mwezi wa October kumatentha moopsa, koma ndiyo nthawi imene nkhalango yonse itsikira ku madzi. Luangwa amaphwa, nasiya mcenga ndi maiwe, ndipo m'dziwe limodzi mvuu zimathinana misana ngati miyala ya pa dooko, ng'ona zitayasama pambali. Njati zimadza mazanamazana, pfumbi liri koboo. M'magombe a mtsinje mbalame zofiira zimakumba mauna ambirimbiri ndi kuikira mazira momwemo. Munthu wa ku Petauke ayang'anitse nyamalikiti, pakuti ali naye cibale. Mtundu wa nyamalikiti umenewu supezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'cigwa ca Luangwa cokha, ndipo onse pamodzi ndi mazana owerengeka. M'mabuku amamucha dzina la Thornicroft, bwana amene anagwira nchito ya Boma ku Petauke, amene anawombera mmodzi natumiza cikopa cace ku London. Dzinalo linalembedwa m'caka ca 1911.

Tsono nyalugwe mwini wace. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mau amenewa amuyenera iyeyu. Masana amagona pa nthambi ya mvunguti kapena ya mchenja, miyendo iri lende, ndipo mawanga ace amasokonezeka ndi mthunzi wa masamba kotero kuti galimoto likhoza kuima pansi pace anthu osazindikira. Operekeza alendo samfuna ndi maso okha. Amamvetsera. Anyani akayamba kukuwa onse atapenya kumodzi, kapena nswala zikamina mwamantha makutu ali njo, adziwa kuti mwini dzina ali pafupi. Kukada, malamulo a nkhalangoyi alola magalimoto a alendo kuyendabe ndi nyali yamphamvu kwa maola owerengeka, ndipo ndi pamene ambiri amamuona alikukwawa m'ngalande, mimba yakhudza pansi, nsonga yoyera ya mcira irikugwedezeka. Akagwira nswala saidyera pansi, cifukwa fisi ndi mkango angamlande. Amaikweza mu mtengo, ngakhale iri yolemera ngati iye mwini, naikoleka pa mphanda kuti adye masiku awiri kapena atatu. Kulira kwace kuli ngati munthu woceka thabwa ndi sowo. Wa ku mudzi anakumva kumeneko ali m'nyumba, citseko atapiringidza. Kukumva ali panja, nyamayo alikuipenya, ndi nkhani yina.

Amene ali ndi mtima wolimba akhoza kuyenda pansi m'mamawa, mlonda wa mfuti ali patsogolo, ena pambuyo mumndandanda, osalankhula. Kayendedwe kameneka anakachukitsa ndi Norman Carr. Iyeyu m'caka ca 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lace, alendo azidzaona nyama, ndipo ndalama zao zizipita kwa anthu a mfumuyo. Nzeru imeneyo inali yoongoka, koma kufikira lero ndi pamene pagona mlandu. Lamulo la m'caka ca 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi, ochedwa Community Resources Board, kuti azilandira gawo la ndalama za makalata osakira nyama. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, limagula nsawawa, mpunga ndi uci kwa alimi, ndipo alenje ambiri anapereka mfuti ndi misampha ya waya kuti alowemo. Zonsezi nzothandiza. Komabe ndalama ya bungwe ikamanga cipinda ca sukulu siibweza nkhokwe ya mai wamasiye imene njobvu zapasula usiku umodzi, ndipo mlendo wa m'tauni amene aseka ndi kuomba m'manja poona ana a njobvu asaiwale kuti mlongo wace ku mudzi agona pa nsanja cifukwa ca njobvu zomwezo.

Nyama imodzi mlendo sadzaiona ku South Luangwa ngakhale atakhala mwezi wathunthu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 cigwa ca Luangwa cinali ndi njobvu zoposa 80,000 ndi zipembere zakuda zikwi zingapo. Opha nyama mwakuba, ofuna minyanga ndi nyanga zokagulitsa kunja, anacepetsa njobvu koopsa, ndipo cipembere anacitsiriza. M'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia catha. Njobvu zinayamba kucurukanso pang'onopang'ono. Zipembere zinacita kubwera pa ndege, zisanu zoyamba m'caka ca 2003 kucokera ku South Africa, ndipo anaziika kumtunda, ku North Luangwa, kumene alonda a mfuti amazilondera usana ndi usiku.