Mphepo ya m'mgodi wa malasha



Kuno kwathu ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mbiri ya munthu amene anapita ku migodi. Ena anapita ku Joni pa Wenela kukakumba golide. Ena anapita ku Rhodesia, kumene lero timati Zimbabwe. Ambiri anabwera ndi njinga, bulangeti ndi wailesi. Ena anatchona. Ena anafera komweko. Lero ndikufuna tikambe za mgodi wa malasha wa ku Wankie. Masiku ano malowo amatchedwa Hwange.

Malasha ndi mwala wakuda umene umayaka ngati makala. Umakhala pansi pa nthaka. Anthu ankalowa ndi zisoti zolimba, majombo ndi nyali yapachipumi. Ankaboola khoma la malasha, kuika zophulitsira, kenaka kutola malasha aja ndi kuwatumiza kunja. Pokumba ankasiya mizati ya malasha omwewo kuti igwire denga. Mukachepetsa mizati chifukwa chofuna malasha ambiri, denga limagwa. Zinatero ku Coalbrook, ku South Africa, pa 21 January 1960. Anthu oposa 430 anakwiririka.

Koma mdani wamkulu m'mgodi wa malasha saoneka ndi maso. Ndi mpweya. M'malasha mumatuluka mpweya wotchedwa metheni. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukachuluka n'kukumana ndi kamoto kakang'ono, umaphulika.

Nanga ankautulutsa bwanji? Taganizani za khitchini ya amayi. Mukatseka chitseko, utsi umadzaza, maso n'kuyamba kuwawa. Mukatsegula chitseko ndi zenera, mphepo imalowa uku n'kutulukira uko. Mgodi nawo umafuna makomo awiri. Pakhomo limodzi ankaikapo fani yaikulu, yoposa nyumba ya udzu. Fani ija inkakoka mpweya woipa usana ndi usiku, ndipo mphepo yabwino inkalowera khomo linalo. M'kati ankamanga makoma ndi kupachika nsalu zokhuthala kuti mphepo isadule njira, ikafike kumene anthu akukumba. Munthu mmodzi akasiya chitseko cha m'njira chosatseka, anzake kutsogolo amasowa mphepo.

Kapitawo ankayenda ndi nyali yapadera. Nyali yotere anaipanga Humphry Davy ku England m'chaka cha 1815. Moto wake unali wotchingidwa ndi sefa ya waya kuti usayatse mpweya wakunja. Metheni akakhalapo, lawi linkasintha maonekedwe, ndipo kapitawo ankadziwa kuti pano si pabwino.

Pali chinanso chimene ambiri sitichidziwa. Fumbi la malasha nalo limaphulika. Metheni akaphulika, mphepo yake imautsa fumbi limene lagona pansi ndi m'makoma. Fumbilo limayaka, n'kuutsa linzake kutsogolo. Motero moto umathamanga mgodi wonse. Mankhwala ake ndi osavuta: kuwaza fumbi la mwala wa laimu m'njira zonse, chifukwa ilo siliyaka. Ku England anali atadziwa kale zimenezi Wankie isanaone tsoka.

Tsopano mvetserani. Linali Lachiwiri, pa 6 June 1972, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mgodi wa Nambala 2 ku Wankie unaphulika. Moto ndi utsi zinatulukira pakhomo lotchedwa Kamandama. Mafani anaphwanyika, mphepo inaleka kuyenda. Amene sanapse ndi moto anapuma mpweya wa poizoni umene umatsala moto ukayaka pamalo otsekeka. Magulu opulumutsa anthu anabwera, ena kuchokera ku South Africa, atanyamula mpweya wao kumsana. Anayesetsa masiku atatu. Pa 9 June akuluakulu a mgodi anati basi, palibenso wamoyo. Anatseka khomo ndi simenti, mitembo ili m'kati momwemo.

Anafa anthu 427. Pakati pao panali a ku Rhodesia komweko, a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Tanzania, ndiponso Amalaŵi 37.

Inu mukudziwa mwambo wathu. Munthu akamwalira timagona pa siwa, adzukulu amakumba manda, mfumu imalankhula. Mabanja aja sanaone nkhope, sanaponye dothi. Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti laimu si golide. Kampani imene inkatulutsa malasha odzaza sitima tsiku ndi tsiku ikanatha kuwaza fumbi lija mokwanira. Ofufuza atakhala pansi anaona kuti chitetezo chimenechi chinali chosowa. Kufikira lero, pa 6 June chaka chilichonse, anthu amasonkhana pa Kamandama kukumbukira.

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, kuno kulibe mgodi, ife ndife alimi a fodya ndi mtedza." Zoona. Koma malasha amakumbidwa m'Malaŵi momwe muno, ku Mchenga m'boma la Rumphi, ndipo ana athu amapita kulikonse kumene kwamveka ganyu. Mwana wanu akapeza ntchito yotere, mufunseni: kodi mphepo imalowera kuti, imatulukira kuti? Kodi alipo woyeza mpweya musanalowe? Iye amatha kuwerenga zikwangwani za chenjezo?

Ndiponso mpweya wa poizoni uja tili nawo m'nyumba zathu. Umatuluka m'makala a pa mbaula. Sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, kenaka tulo. M'mwezi wa June kukazizira, ena timalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi zenera, ana ali pamphasa. Musatero. Othani moto, koma pogona tulutsani mbaula panja. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba yotere, tsegulani chitseko, mutulutsireni pamphepo, ndipo thamangani naye kuchipatala, kaya ku Kabudula, kaya ku Namitete, kumene kuli pafupi ndi inu.